Kapamba wanga ndi "cover" ya R480 ya ku Joni

Inu amene mukusonkha ya transport kuti mubwere kuno ku Joni, makamaka okonda botolo, werengani kaye zanga izi.

Ine ululu unayamba ngati chilungulira chabe, pamwamba pa mchombo m'munsi mwa nthiti, kenako unkaboola mpaka kumsana. Ndikadya nyama ya braai kapena chips ndiye basi tulo palibe, ndinkachezera nditakhala pa bedi nditawerama mawondo ali pachifuwa chifukwa mpokhapo pomwe unkachepako. Ndinkangoti nzilonda zam'mimba nkumameza ma diclofenac, mapiritsi opha ululu aja, ngati mtedza, osadziwa kuti iwowo ndi amene amabweretsa zilondazo.

Nthawi imeneyo mkulu wina wakwathu komwe, wa Chichewa chake chabwinobwino, anandigulitsa "cover" ya R480 pamwezi, akuti achimwene mukadwala mukagona ku private ngati bwana. Ndinalipira miyezi 8, R3,840 imeneyo, kuonjezerapo R250 ina ya admin yomwe sanaitchule poyamba ndinangoiona itadulidwa. Tsiku lomwe ululu unandigwetsa pa ntchito ndinafika ku private ndi kakhadi kanga monyadira, mtsikana wa pa reception anangokatembenuza nati iyi si medical aid, ndi hospital cash plan, imangokupatsa kandalama ukagonekedwa, komanso matenda omwe unali nawo kale sakhudzidwa. Mkulu uja mpaka lero foni yake imangolira.

Ndinathera ku chipatala cha boma, mzere kuyambira 5 koloko mmawa, ndipo nako musamve zoti nzaulere, amakufunsa mapepala ndi malipiro ako. CT scan, yojambula m'kati mwa thupi ija, inaonetsa chronic pancreatitis, kapamba amene amathandiza kugaya chakudya uja anali ndi zipsera ndi timiyala, mowa ndi fodya wa zaka zambiri.

Apa ndiye mvetsani. Dokotala amafunsa kuti ululu uli pati kuyambira 0 mpaka 10, ine ndi ulemu wakwathu uja ndinati "pang'ono chabe adokotala" thukuta lili chuchuchu, ndinabwerako ndi paracetamol yekha. Ulendo wachiwiri nesi wina wachikulire anandikalipira kuti bambo kuno sitilosera, ngati ndi 8 nenani 8. Anandiuza ndigule kope ndizilemba nthawi yomwe wayamba, ndadya chani, nambala yake, wandidzutsa usiku kapena ayi. Ngakhale za kuchimbudzi, zamanyazi koma nenani, chikamatuluka chamafuta chonunkha kwambiri chokana kupita ndi madzi ndiye kuti mafuta sakugayika, nchifukwa chake ndinaonda mpaka lamba kuboola mabowo atsopano. Kope ija ndi imene inapangitsa andionjezere mankhwala a ululu, tramadol wa masiku oipa ndi amitriptyline wa usiku, ndi ma capsule a enzyme othandiza kugaya chakudya omwe umameza pamodzi ndi chakudya osati utamaliza kalekale. Amandiyezanso shuga chifukwa matendawa amatha kuyambitsa shuga. Tramadol musagule wa m'njira, amazolowereka ndipo mudzafuna wambiri.

Munthu mmodzi yekha wa za insurance ndi amene anandiuza zoona, mayi wina broker. Anati ngakhale medical aid yeniyeni lamulo limawalola kukudikiritsa miyezi 3, ndipo pa matenda omwe uli nawo kale mpaka miyezi 12, ukalowa utadutsa zaka 35 athanso kukuonjezera penalty. Anawerengera malipiro anga nati bambo sungani ndalama zanu muzikwerera taxi yopita ku clinic, sananditengeko ngakhale R1.

Ndiye inu amene mumati ndikafika ku Joni akandichotsera matenda ndi makina, iwalani. Kapamba akawonongeka sabwerera, timiyala akhoza kuchotsa koma zipsera zimakhala. Mowa ndinasiya, fodya ndi amene anandivuta kwambiri, ndipo pa weekend anzanga akamatsegula ma quart a mowa ine ndimakhala ndi phala langa ndi ma capsule pambali, sabata ino kope yanga ikuonetsa 4, 3, 6, 3.