Katemera watsopano kapena mankhwala akale: ndalama ziyambire pati?

COVID-19 itavuta mu 2020, boma la America linathira ndalama zankhaninkhani pa katemera. Ndondomeko ya bomalo yotchedwa Operation Warp Speed, yomwe inayamba mu Meyi, inalipira makampani monga Moderna kuti ayambe kupanga katemera kuyesa kusanathe. Pofika Disembala, anthu anayamba kubayidwa.

Ku Britain, kafukufuku wa RECOVERY wa yunivesite ya Oxford anadzera njira yotsika mtengo: kuyesa mankhwala omwe analipo kale pa odwala a m'zipatala za boma (NHS). Mu Juni zinadziwika kuti mankhwala akale otchedwa dexamethasone amachepetsa imfa za odwala opumira makina ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Dziko losauka ndingalilangize kuyambira apa, chifukwa dexamethasone anali kale m'zipatala, pomwe katemera tinachita kumudikira pamzere.