Wotchi ya agogo: kupakanso zowala kapena kuisiya?

Ku Nsanje ndi ku Chikwawa mabanja ena akusungabe mawotchi a pamkono amene agogo anabwera nawo kuchokera ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela. Amayendabe, koma timadontho ta pa manambala ndi pa mivi sitiwalanso mumdima.

Kupakanso kuli ndi phindu lake. Utoto wamakono ngati Super-LumiNova ulibe radiation, mphamvu yosaoneka yomwe ingavulaze thupi. Umamwa kuwala masana n'kumawala usiku, ndipo dzuwa ku Nchalo silisowa. Msodzi wopalasa bwato m'bandakucha pa Shire aona nthawi popanda tochi.

Koma yambani mwayang'ana pansi pa nambala 6 pa wotchiyo. Pakalembedwa "T SWISS T", utotowo ndi wa tritium, mankhwala otulutsa radiation amene mphamvu yake imatsika ndi theka pa zaka 12 zilizonse. Wotchi ya m'ma 1950 kapena m'mbuyo mwake nthawi zambiri imakhala ya radium, imenenso imatulutsa radiation, ndipo iyi imafuna zaka 1,600 kuti itsike ndi theka. Chinatha mphamvu ndi ufa wowala uja, radium ikadali momwemo. Kupala utoto umenewu pa tebulo la pamsika fumbi likuuluka, n'kuika moyo pachiswe.

Kusiya sikudya ndalama, komanso ogula mawotchi akale amakonda utoto wachikasuwo. Ukapakanso, mtengo umagwa. Vuto ndi chinyezi cha kuno kuchigwa, chimene chimafumbutula utoto n'kugwera m'makina.

Wotchi ya Seiko yovala tsiku ndi tsiku ine ndingapakitse mivi yokha. Ya radium ndiye osaitsegula n'komwe, ndipo galasi likang'ambika muiike kutali ndi ana.