Unsubscribe kapena Report spam: mudine iti imelo ikadzadza?

Mauthenga osafunika akachuluka mu imelo, ambirife timathamangira kumunsi kwa uthengawo kukafuna timawu tija takuti Unsubscribe, topemphera kuti wotumizayo asiye kutitumizira mauthenga. Nthawi zina kutero n'kolondola, koma nthawi zina ndiye kutsekulira mbava chitseko. Musanadine, dzifunseni kuti wotumizayo adiresi yanu anaitenga kuti.

Ngati munaipereka nokha, mwina pa fomu mushopu ku Chichiri kapena pa tsamba lolengeza mwayi wa ntchito, Unsubscribe ndiyo yoyenera. Kampani yeniyeni imamvera. Kuyambira 2024, Google imalamula kuti wotumiza mauthenga otsatsa malonda oposa 5,000 pa tsiku kwa anthu a Gmail aike njira yochokera yongodina kamodzi, ndipo akuchotseni pasanathe masiku awiri. Ku America lamulo la 2003 limapatsa makampani masiku 10 ogwira ntchito.

Komabe ma Unsubscribe alipo awiri ndipo safanana. Ina ndi linki yomwe wotumizayo waika yekha kumunsi, ina ndi batani la Gmail lomwe limaoneka pamwamba, pafupi ndi dzina la wotumiza. Ine ndimakonda la pamwambali, chifukwa nthawi zambiri Gmail imatumiza yokha pempholo inu osalowa pa tsamba la eniake. Linki ya kumunsi imakutengerani kwina, ndipo kumeneko mukafunsidwa pasiwedi kapena nambala yachinsinsi, tsekani pomwepo. Kuchoka pa mndandanda wa mauthenga sikufuna zimenezo.

Nkhani imasintha ngati wotumizayo simukumudziwa. Akuti mwapeza ntchito yomwe simunafunsire, kapena katundu wanu wagwidwa pa bwalo la ndege la Chileka ndiye mutumize kandalama pa Airtel Money kapena Mpamba, kapena akaunti yanu ya kubanki itsekedwa mawa. Akathyali otere amatumiza kwa anthu miyandamiyanda osadziwa kuti ndi adiresi ziti zomwe zili ndi eni ake. Mukadina Unsubscribe yawo mwawauza kuti kuno kuli munthu ndipo amawerenga, choncho mauthenga amawonjezeka m'malo mochepa. Apa dinani Report spam basi, batani louza Gmail kuti uthengawo ndi wosafunika. Uthengawo umapita mu foda ya Spam, Gmail imaufufuta pakatha masiku 30, ndipo imaphunzira kutchinga ena ofanana nawo.

Mukakayika, dinani dzina la wotumiza kuti adiresi yonse ioneke, muwerenge zomwe zili kumanja kwa chizindikiro cha @. Banki yolemba kuchokera ku gmail.com si banki. Pa foni mungathenso kukanikiza linkiyo ndi chala osachichotsa, ikuonetsani komwe ikupita isanatseguke.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ena, atamva za akathyali, amangodina Report spam pa chilichonse. Zimenezi zimabwerera mwini. Mukanena kuti tsamba la ntchito lomwe munalembetsa nokha ndi spam, tsiku lina uthenga wofunika wochokera komweko ungathe kukagwera mu foda yomwe simutsegula, inu mukudikira ku Ndirande kuti akuitanani liti ku intavyu. Zimapwetekanso mabungwe ndi mabizinesi ang'onoang'ono, chifukwa anthu ambiri akawanenera, mauthenga awo amasiya kufika ngakhale kwa omwe amawafuna.

Palinso Block, yotchinga adiresi ya wotumiza, koma ndiyo yofooka pa zonsezi. Imathandiza ngati ndi munthu mmodzi amene akukuvutitsani ndi adiresi imodzi, koma akathyali amasintha adiresi tsiku ndi tsiku.

Nanga kampani yodziwika ikapitiriza kutumiza inu mutachoka kale? Ipatseni masabata awiri, ndipo onetsetsani ngati simunalembetse pa mindandanda ingapo, poti ena amalekanitsa zotsatsa ndi nkhani za mwezi. Ikapanda kusiya, pamenepo Report spam yaiyenera.