Ulendo wogonera panyanja kukawedza tuna kuchokera ku San Diego

Maboti owedzera nsomba za tuna a ku San Diego, mzinda wa ku California m'dziko la America, amagulitsa maulendo osiyanasiyana: wa usiku umodzi, wa masiku awiri kapena atatu, mpaka wa milungu iwiri wotsikira kummwera m'mbali mwa Baja California ku Mexico. Ine ndinatenga wa masiku atatu, ndipo amene mtima wake uli pa tuna wa mtundu wa bluefin ndikumulangiza kuti asataye ndalama pa wa usiku umodzi. Nkhani yagona pa mtunda. Cortes Bank, malo osaya a pakati pa nyanja komwe tinalowera, ndi makilomita pafupifupi 160 kumadzulo kwa doko, ndipo boti lodzaza anthu, mafuta ndi madzi limatha usiku wonse lili panjira. Pa ulendo waufupi, kaputeni akalephera kupeza nsomba m'mawa ndiye kuti zatha. Pa wa masiku atatu amakhala ndi mpata wosiya malo ouma n'kukayesa kwina.

Ndiyambe ndi chomwe chinandiwawa. Mtengo womwe ofesi yogulitsa matikiti inandiuza, madola opitirira chikwi, sunali mtengo wonse. Patsiku lonyamuka ndi pomwe ndinamva za ndalama yowonjezera ya mafuta, kenaka ya kubwereka ndodo zolimba zowedzera usiku, kenakanso zitsulo zokopera nsomba zomwe umagula wekha. Chiphaso chowedzera cha California ndinkachidziwa kale, koma zinazi akanatha kuzilemba poyera munthu asanalipire. Si kuti ndi ndalama yakuba, zonsezo zimagwiradi ntchito. Kungoti munthu wakonza kale thumba lake, kumuuza zotere atanyamula chikwama pamlatho wokwerera boti n'kupanda ulemu. Funsani mndandanda wonse musanapereke kalikonse, ndipo ngati ulendo wanu ukulowa m'madzi a Mexico, dziwani kuti pafunika pasipoti ndi zilolezo za kumeneko.

Pogona ndi pothina: mabedi osanjikizana pansi pa boti, injini ikulira pambali pa khutu. Chakudya chinali chotentha komanso chokwanira. Mankhwala a nseru imwani musananyamuke, chifukwa mafunde akayamba kukugwedezani sathandizanso kwenikweni. Pa zimenezi ndilibe zambiri zonena.

Chomwe munthu amalipira pa ulendo ngati uwu ndi maso a kaputeni ndi manja a anyamata ake. Tisanatuluke m'doko tinaima pamalo osungira nyambo, n'kudzaza matanki ndi tinsomba tamoyo ta sardine. Mmodzi wa anyamatawo anatisonkhanitsa n'kutionetsa kasankhidwe ka nyambo: osatenga yofiira mphuno kapena yosupuka mamba, koma yobiriwira kumsana, yovuta kuigwira. Uibaye mbedza msanga, uiponye, ndipo ikapanda kusambira mothawa boti, ichotse uike ina. Ndinaona ndi maso anga kuti omwe ankasintha nyambo pafupipafupi ndi omwe ankakola.

Masana bluefin ndi wochenjera zedi. Amaona chingwe, choncho umakakamizika kugwiritsa ntchito chopyapyala ndi kambedza kakang'ono, pomwe nsombayo ikhoza kulemera kuposa iwe. Maola ambiri tinkangoyenda, kaputeni ali m'mwamba kuyang'ana mbalame ndi makina oonera pansi pa madzi. Ena ankadandaula kuti tikungowotcha mafuta. Ine sindikugwirizana nawo. Kaputeni woimika boti pamadzi opanda kanthu pofuna kusangalatsa anthu ndi amene amakuberani tsiku. Wathuyu ankaima pokhapokha waona gulu, ndipo akapeza zomera za kelp zoyandama ankatipatsa mpata wokola nsomba za yellowtail ndi dorado zobisala pansi pake.

Panalinso kaiti. Amaulutsa kaiti womangiriridwa ku chibaluni, n'kulendewetsa nsomba youluka yakufa, zipsepse zake atazitambasula ndi kamtengo, kuti izingokhudza pamwamba pa madzi kutali ndi boti. Chingwe chonse chimakhala m'malere, tuna sachiona. Anthu amalandirana ndodo imeneyi motsata manambala, ndipo anyamata a m'boti sanakondere aliyense, ngakhale makasitomala awo akale.

Koma usiku ndiwo mwini nkhani. Cha m'ma 2 koloko injini inatsika mawu, kaputeni n'kulengeza pa chimkuzamawu kuya komwe nsomba zinali. Aliyense anathamangira m'mbali mwa boti n'kutsitsa chitsulo chokopera nsomba cholemera magalamu 300 kapena 400 pa chingwe chokhala ndi zizindikiro, kuti udziwe watsika mafiti angati. Chizindikiro choti wakola n'chodabwitsa: chingwe chimangosiya kutsika pomwe pansi pakadali patali. Pamenepo ukulunge mwachangu mpaka chikungike. Changa chitakungika, ndodo inapindika mpaka nsonga yake kuloza m'madzi, chingwe chikutuluka ngati palibe choletsa.

Mnyamata mmodzi anaima pambali panga kuyambira pamenepo mpaka mapeto. Sanandilande ndodo. Anandionetsa kuigoneka pachitsulo cha m'mphepete mwa boti kuti thupi lonse ligwire ntchito m'malo mwa mikono yokha, ndipo nsomba ikazungulira ankanditsogolera, kudutsa pansi pa ndodo ya uyu, pamwamba pa ya uyo, akumasula zingwe zopiringizana ndi zala zake mumdima. Tuna akatopa amasambira mozungulira pansi pa boti, ndipo umabweza chingwe pang'onopang'ono pa mzungulo uliwonse. Nsomba yanga itaonekera m'kuwala kwa magetsi, mbali yake ikunyezimira, anyamata atatu anaikola ndi ngowe n'kuikwezera m'boti pamodzi. Mphamvu yotereyi ili ndi chifukwa chake. Bluefin amasunga kutentha m'thupi kuposa madzi omuzungulira, ndipo amene timawedza ku California anabadwira kufupi ndi Japan n'kuwoloka makilomita oposa 8,000 a Pacific akadali wamng'ono.

Kasamalidwe ka nsomba ndi komwe kananditsimikizira kuti botili ndi labwino. Itangogwa pansi anaibaya m'mutu kuti ife nthawi yomweyo, anaikhetsa magazi, anachotsa zam'kati, n'kuimangirira kapepala ka nambala yanga asanaitsitsire m'thanki ya madzi amchere ozizira kwambiri. Tuna wolimbana nthawi yaitali amakhala wotentha mkati, ndipo akangosiyidwa padzuwa mnofu wake umawonongeka. Wanga anafika kudoko ali wofiira bwino, wolimba, wopanda fungo.

Malire a chiwerengero ankawatsata mosanyengerera, ndipo ndikuwayamikira. Kuyambira 2015 lamulo limalola bluefin awiri patsiku kwa munthu mmodzi, osapitirira asanu ndi mmodzi pa ulendo wa masiku angapo. Kale malirewo anali khumi patsiku. Nsombayi inatsala pang'ono kutha chifukwa chogwidwa mopyola muyeso, ndipo ikuchulukanso tsopano chifukwa maiko anachepetsa kagwiridwe kake. Bambo wina atakwanitsa awiri ake, anauzidwa mwaulemu kuti apumule kaye kapena apatse mpata mnzake amene sanakolepo.

Chomwe ndingasinthe ndi kuchuluka kwa anthu. Nsomba zikayamba kudya usiku, m'mbali mwa boti mumathina, ndipo ndinaona nsomba ziwiri zikupulumuka chifukwa zingwe zinadulana. Maulendo ena amatenga anthu ochepa pa mtengo wokwererapo, ndipo ulendo wotsatira ndidzalipira umenewo.

Sungani ndalama ina ya pobwerera. Padoko pamakhala makampani odula nsomba n'kuilongedza m'mapepala opanda mpweya, ndipo amalipiritsa potengera kulemera kwake. Palinso ndalama yothokozera anyamata a m'boti, yomwe mwachizolowezi imakhala 15 mpaka 20 peresenti ya mtengo wa tikiti. Nditaona momwe ankagwirira ntchito usiku wonse, kugona kwawo kuli kwa maola ochepa, ndinapereka ya pamwambayo mosawinyawinya.