Mayina a matchanelo: njira ya Ubuntu kapena ya Kubernetes?

Ubuntu ndi Debian, mitundu iwiri ya Linux (pulogalamu yoyendetsera kompyuta), amagawa matchanelo awo, kapena kuti zipinda zokambirana pa intaneti, potengera chimene munthu wadzera. Pa Libera.Chat, netiweki ya IRC (njira yochezera pa intaneti polemberana), wofuna thandizo amalowa mu #ubuntu, olemba mapulogalamu ankakambirana kwambiri mu #ubuntu-devel mpaka 2025, macheza wamba amapita ku #ubuntu-offtopic, ndipo a ku South Africa ali ndi #ubuntu-za yawoyawo. Debian nayo, pa netiweki ina ya IRC yotchedwa OFTC, ili ndi #debian-mentors ya ophunzira kukonza mapaketi a mapulogalamu. Munthu amene wangoika Ubuntu koma Wi-Fi yakana kugwira safunika kufunsa njira, dzinalo lamuuza kale kolowera. Vuto ndi loti tchanelo yothandizirayo imadzaza. Mafunso angapo amathamangitsana nthawi imodzi, ndipo lanu likhoza kumira osayankhidwa.

Kubernetes, pulojekiti yoyendetsera mapulogalamu pa makompyuta ambiri, pa pulogalamu yochezera ya Slack amatsata magulu ogwira ntchito: #sig-node, #sig-network, #sig-release. Rust, chilankhulo cholembera mapulogalamu, pa pulogalamu ina yochezera ya Zulip amachitanso chimodzimodzi ndi t-compiler, t-lang ndi t-libs. Kwa amene ali kale m'kati, izi n'zokoma. Mayina oyamba mofanana amandandalika pamodzi, ndipo tchanelo iliyonse ili ndi eni ake odziwika. Koma mlendo angadziwe bwanji kuti vuto lake ndi la node (kompyuta yoyendetsa mapulogalamuwo) osati la network? Akanadziwa zimenezo, mwina sakanabwera n'komwe. N'chifukwa chake Kubernetes ilinso ndi #kubernetes-users ndi #kubernetes-novice, amene kwenikweni ndi mayina a mtundu wa Ubuntu uja.

Zulip imachepetsako mutu wopweteka chifukwa m'tchanelo iliyonse zokambirana zimagawidwa m'mitu. Nkhani yatsopano imangofuna mutu watsopano, osati tchanelo ina. Pa IRC mwayi umenewo palibe. Ndipo ngati muli pa Libera.Chat, yomwe inayamba mu 2021 anthu atathawa ku netiweki ina ya IRC ya Freenode, kumbukirani lamulo lawo: # imodzi ndi ya mapulojekiti ndi magulu olembetsedwa, pomwe ## ndi ya matchanelo wamba osaimira pulojekiti kapena gulu lolembetsedwa.

Kwa ine, pulojekiti ya anthu ochepa itengere Ubuntu: tchanelo ya thandizo, ya olemba mapulogalamu, ndi ya macheza, basi. Kutsegula matchanelo khumi a magulu amene sanabadwe kumangosiya zipinda zopanda anthu, mlendo n'kuganiza kuti pulojekiti inafa. Dzina ngati t-docs lidikire kaye mpaka papezeke anthu amene akulembadi malangizo ndipo zokambirana zawo zayamba kusokoneza ena.