Lenzi ya 50mm patatha chaka: zithunzi n'zabwino, koma chuku chandidyera ndalama

Mnzanga wina amene timajambula naye maukwati wandifunsa ngati agule lenzi ya 50mm kapena asunge ndalama zake. Funso lake landipeza nditalipira bilu yotsukitsa lenzi yanga, choncho ndati ndiyankhe pano kuti ena amve nawo.

Yanga ndi Canon EF 50mm f/1.8 STM, mtundu umene unatuluka mu 2015, ndipo ndimaimanga pa kamera ya 700D. Ndinaigula yogwirapo kale ntchito kwa mnyamata wina wa ku Blantyre amene amapikula katundu wa makamera ku Johannesburg. Tinagwirizana pa foni, ndinatumiza ndalama, iye n'kuitumiza pa basi.

Zabwino zake sindichulukitsa mawu. Ndi yopepuka, magalamu 160 basi, moti khosi silipweteka ngakhale mwambo utatha usiku. Pomangira pake ndi pachitsulo, pomwe mtundu wakale uja wa f/1.8 II unali ndi pulasitiki. Fokasi yake sichita phokoso lambiri, ndipo imafika pafupi mpaka masentimita 35, zokwanira kujambula mphete pa chala cha mkwatibwi.

Chimene ndinaigulira ndi kuwala, ndipo pamenepo sinandikhumudwitse. Lenzi ya 18-55mm yobwera ndi kamera ikafika pa 55mm imathera pa f/5.6 (nambala ya f ikachepa, bowo lolowera kuwala m'lenzi limakula). Iyi ukaitsegula pa f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi. Tsiku lina magetsi anazima m'tchalitchi abusa ali pakati pomangitsa ukwati, kunja kuli mitambo. Ojambula anzanga anayatsa mafulashi, abusa n'kuwaletsa. Ine ndinajambula ndi kuwala kwa pa zenera lokha, ndipo misozi ya mayi a mkwati inaoneka bwinobwino pa tsaya, anthu a kumbuyo atasungunuka. Chithunzi chimenecho chinandibweretsera maukwati ena. Kungoti anthu akakhala awiri kapena atatu ndimatseka kufika pa f/4, chifukwa pa f/1.8 wina akatsogola pang'ono, mnzake amatuluka wosaoneka bwino.

Anzanga, dziwani kuti pa kamera za sensa yaing'ono ngati yangayi (sensa ndi kachipangizo kolandira chithunzi m'kati mwa kamera), 50mm imaona mopanikiza. Pa Canon umachulukitsa ndi 1.6, ndiye imakhala ngati 80mm pa kamera ya sensa yaikulu. Pa Nikon ndi 1.5, imakhala ngati 75mm. Kujambula nkhope ndi bwino kwambiri. Koma pa chinkhoswe cha m'nyumba, ankhoswe a mbali zonse akaima pamodzi, umabwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda khoma, azakhali a kumapeto osalowabe m'chithunzi. Pa pelekanipelekani ndimabwerera ku zumu ija ya 18-55mm.

Tsopano nkhani imene yandiwawa. Ine ndimakhala ku Mulanje, kumene mvula ndi yambiri, ndipo ngakhale m'nyengo yozizira chiperoni chimabweretsa chinyezi. Chuku cha m'malenzi chimakonda malo a chinyezi ndi amdima, choncho kuyambira tsiku loyamba zida zanga zimagona m'chigubu chotseka bwino, muli timapaketi ta silika toyamwa chinyezi. Malenzi anga ena onse ali bwino mpaka lero. Koma mvula itafika pakati, zithunzi za 50mm zinayamba kutuluka zotuwa ndikajambula moyang'ana kuwala. Malaya akuda a mkwati ankaoneka ofwifwa. Ndinapukuta galasi la kutsogolo ndi la kumbuyo, osasintha. Usiku wina ndinatsegula bowo lonse lolowera kuwala m'lenzi n'kuwalitsa tochi ya foni kuchokera kumbuyo, ndipo ndinaona tiulusi toyera ngati ukonde wa kangaude, tochokera m'mphepete kulowera pakati, m'kati mwenimweni momwe nsalu singafike.

Ndinapita nayo kwa mmisiri wina ku Limbe. Ataimasula anandiitana kuti ndione ndekha. Tiulusi tatsopano tinachoka atatsuka, koma m'mphepete munatsala zipsera zimene chuku chakale chinadya pa utoto wopyapyala umene amakutira galasi. Anandionetsanso zokanda pa tizomangira ta m'kati, umboni woti wina anaitsegulapo kale n'kupukuta mwachangu kuti igulitsike. Zipsera zotero sizichoka. Bilu yake inatsala pang'ono kufika theka la ndalama imene ndinagulira lenziyo, kuphatikiza thiransipoti.

Ndinamuimbira wogulitsa uja mwaulemu. Poyamba anati, "Bwana, inu mumakhala ku Mulanje, chinyezi ndi chanu." Nditamutumizira zithunzi za zipsera ndi zokanda zija anasintha mawu, nati iyenso anaigula choncho, ndipo andibwezera theka la bilu mwezi ukatha. Tsiku limenelo ndinakwiya kwambiri moti ndinkafuna kuigulitsa lenziyo ndi kuiwala za 50mm. Chinandiwawa kwambiri n'choti pogulitsa anandilumbirira kuti sinatsegulidwepo.

Loweruka lotsatira ndinajambula nayo mwana wobatizidwa pakhonde madzulo, ndipo mtima unatsika. Kutuwa kuja kwatha, kupatula ndikaloza dzuwa mwachindunji. Maso a mwana anatuluka akuthwa, nsalu ya amayi ake mitundu yake ili yowala. Palibe lenzi ina ya mtengo wotsika chonchi imene ingandipatse zimenezo. Itangotuluka inkagulitsidwa pafupifupi madola 125 ku America, koma chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuitanitsa yatsopano kuno si nkhani yamasewera, n'chifukwa chake ambiri timathamangira zogwirapo kale ntchito.

Ndiye achimwene, ngati ntchito yanu yambiri ndi nkhope, m'tchalitchi ndi madzulo, gulani. Ngati ndi magulu m'zipinda zothina, pa kamera ya sensa yaing'ono yang'anani 24mm kapena 35mm, zimene zimaona motambalala. Yogwirapo kale ntchito muigwire ndi manja anu, muwalitse tochi m'kati wogulitsa akuona, ndipo mugwirizane zobweza musanatulutse ndalama. Ndikaphatikiza mtengo wogulira ndi bilu ya mmisiri, yanga yandidyera ndalama yoyandikira ya lenzi yatsopano, pomwe ili ndi zipsera. Miyezi iwiri yatha, theka lija silinabwere, ndipo mauthenga anga akungowerengedwa osayankhidwa.