Hadikava ya masamba 192 kwa mwana amene wayamba kulemba ndakatulo

Mwana wa Fomu 2 akayamba kulemba ndakatulo kumapeto kwa kope la masamu, musamukalipire. Mugulireni hadikava yakeyake. Ife timalimbikitsa ya A4, ya masamba 192, yolembedwa kuti 2 Quire pachikuto, imene imapezeka m'mashopu a zolembera ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula. Ya masamba 384 imagwetsa ulesi woyamba kumene, chifukwa chaka chimatha isanafike ndi pakati pomwe.

Musanalipire, itseguleni pakati. Mukaona ulusi, gulani. Yongomata ndi guluu sipirira kutentha kwa kuno kuchigwa cha Shire: ikakhala m'nyumba ya malata mu Okutobala ndi Novembala, guluu amauma n'kuthetheka, masamba n'kumayoyoka limodzilimodzi. Kwezaninso tsamba limodzi padzuwa. Ngati zala zikuonekera kuseri, inki idzadutsa.

Kufooka kwake n'kwakuti chikutocho ndi katoni chabe, chimamwa madzi ngati thonje. Amene anaona madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safuna kuuzidwa zambiri. Izikhala m'majumbo awiri, m'chidebe chovundikira, pamwamba pomwe chiswe sichifika.

Phindu lenileni la kopeli ndi lakuti mulibe cholembera chofiira cha aphunzitsi. Mawu a Chisena kapena a Chimang'anja amene m'chimangirizo cha m'kalasi amadulidwa mzere, muno amakhala momwe agogo amawatchulira. Mwana amalemba za phulusa la nzimbe zowotchedwa likugwa pa zovala zoyanika, za mwini bwato akukangana ndi wokwera pa doko la Shire, ndipo pang'onopang'ono amayamba kumva liwu lake m'zolembazo.

Kagwiritsidwe kake nkofunika. Asiye masamba awiri oyamba a mndandanda wa mitu, alembe manambala pa masamba onse, ndipo chilichonse achiyambe ndi deti. Azilemba pa tsamba la kudzanja lamanja lokha. Lamanzere ndi lokonzerapo pakapita sabata. Asang'ambe tsamba ngakhale zitamunyansa, poti pa kope losokedwa ukachotsa limodzi, linzake la kutsidya limasololoka. Komanso ndakatulo yoipa ya mu Januwale ndi imene imamuonetsa mu Julayi kuti wasuntha.

Makolo, chonde musamaitsegule mwini wake kulibe. Mwana akangodziwa kuti mumawerenga mobisa, amayamba kulemba zokusangalatsani inu, kapena amasiyiratu. Dikirani akuwerengereni yekha pakhonde madzulo.